Dzina la Amalume pa Njanji

Kanengo, Lilongwe
6 Febuluwale

Achemwali a Lidia,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wanu Malizani ndi mkazi wake Abigail. Ine ndili moyo. Sindinena kuti ndili bwino, lingakhale bodza, ndipo mukundidziwa, bodza limandiyabwa m'kamwa.

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera nthawi ya makolo. Foni yanga anaiponda ndi jombo alonda a kampani ya sitima pageti. Kalatayi ndapatsira a Sidik a golosale ya pa Chezi popeza amabwera kuno kudzapikula katundu. Inunso muzipatsira iwowo.

Tili pa sitalaka. Tanyanyala ntchito tonse, kuyambira madalaivala mpaka ife omanga ndi kumasula mabogi. Palibe sitima ikuyenda. Chayambitsa ndi imfa ya Nasser, dalaivala wathu. Mwezi wathawu mabuleki anamukana potsika mapiri a kwathu komweko. Munthuyo anali atadandaula mpaka kusasa mawu kuti mutu wa sitimawo ndi wowola. Tinakamutola m'zitsulo ine ndi mnzanga Filipo, zidutswazidutswa, mwendo kuno dzanja uko. Pano kampani ikuti anagona pantchito. Munthu umuyendetse osapuma, umupatse chitsulo chowola, afe, kenako umunamizire ali m'manda? Ine sukulu ndinalekezera panjira koma chipongwe ndimachizindikira.

Lachinayi anatitumizira alonda a zibonga ndi agalu. Galu wina anang'amba ntchafu ya mnzathu mpaka fupa kuonekera. Nafe tinagwira mlonda mmodzi, tinamuswa mutu ndi mwala wa panjanji. Sindikupepesa. Anzanga andisankha kuti ndizilankhula pamisonkhano ya bungwe lathu la antchito, akuti pakamwa panga palibe chitseko.

Malipiro aimitsa. Faines ndi ana akudya kamodzi patsiku. Ngati nyemba zatsala m'nkhokwe, tumizani, ngakhale zofumbwa.

Malizani muuzeni asataye mtima. Ndinamulonjeza ntchito ya njanji ndipo adzaipeza. Amalume ake ndine, ndipo sindinafe.

Ndine mlongo wanu,
Gideoni


Chezi, Dowa
13 Febuluwale

Iwe Gideoni,

Kalata yako ndalandira. Kuno tili bwino, mvula yokha ndi imene yatisautsa. Mlamu wanga Faines umupatse moni, ndi ana omwe.

Za kuswa mitu ya anthuzo sindinakondwe nazo. Mkwiyo wakowo unayamba ndikukubereka kumbuyo, unkandiluma paphewa ndikakuletsa kudya dothi. Wakula tsopano, uli ndi imvi. Lankhula pamisonkhanopo koma miyala uisiye pansi.

Koma lero sindikulembera kuti ndikukalipire. Ndikulemba kuti ndithokoze. Mvula ya sabata yatha inagumula phiri pa Mpata paja njanji imadula thanthwe, dothi ndi miyala zakwirira njanji yonse. Lachisanu kunabwera galimoto yoyera, inaima pa golosale ya a Sidik, bwana wina wamimba nkuyamba kulemba anthu oti akafukule ndi kulondera njanjiyo. Malizani atangomva anakumbukira mawu ako a pa Khirisimasi, paja unati, "Ukangomva kuti akulemba anthu a njanji, usafunse munthu, thamanga, ukatchule dzina langa." Anasiya khasu m'munda, anavala ovololo yako yakale ija unamutumizira, ulendo.

Bwanayo atamva dzina lako akuti anaimirira. Anati, "Gideoni wa ku Kanengo? Wolongolola uja? Iweyo ndiwe mwana wa mlongo wake?" Anaseka kwambiri, anamugwira chanza, anamujambula pafoni ataima panjanji ndi fosholo, pomwepo nkumupatsa ukapitawo. Anzake onse ali pansi pake!

Ndinangodziwa kuti ndiwe wakonza zimenezi, nchifukwa chake unati asataye mtima. Ndiwe wobisa iwe. Ku Chigwirizano ndinaimirira pamaso pa amayi onse kuchitira umboni kuti mwana wanga ali ndi amalume enieni, osati ena aja amangodziwa kudya nkhuku ya pa chinkhoswe. Abigail ali ndi pakati, mwina sunamve. Ntchitoyi yafika nthawi yake.

Nyemba ndapatsira a Sidik, ndaikamo ndi mbatata yoyamba.

Ndine mlongo wako,
Lidia


Kanengo
16 Febuluwale

Achemwali,

Moni ndikupatsani tsiku lina. Mukangowerenga izi nyamukani, pitani pa Mpata, mukamukoke Malizani pakhutu abwerere kunyumba. Lero. Ovololoyo muiotche.

Ine sindinakonze kanthu! Kodi mutu wanu unali kuti? Ndakuuzani kuti tanyanyala ntchito, inu nkumatumiza mwana kukagwira ntchito yomwe ife takana? Anthu akulembedwawo akuwalemba kuti sitima iyende popanda ife, kuti njala itigwadike. Munthu wotero kuno timamutcha kapirikoni, wogulitsa anzake. Mawu a pa Khirisimasi anali a pa Khirisimasi, kunalibe sitalaka. Ndikudziwa, ndinayenera kunena poyera m'kalata ija. Ndinkayesa kuti nchodziwikiratu ngati mphuno pankhope.

Bwana wanu wamimbayo sanaseke chifukwa chokondwa. Chithunzi chija anachitumiza kwa akuluakulu ake, ndipo dzulo chinali m'foni ya wantchito aliyense kuno. Malizani akumwetulira, wavala ovololo yanga, dzina langa lili pachifuwa. Pansi alembapo kuti, "Wokuuzani kuti mufe ndi njala, mbumba yake ikudya."

Ndinafika pamsonkhano osadziwa kanthu. Ndisanatsegule pakamwa wina anandimenya ndi thabwa kumbuyo. Anandigwetsa, anandiponda, mano awiri ndawasiya pamenepo. Amene ndadya nawo mbale imodzi zaka zonsezi ankakuwa kuti, "Yudasi! Wadya zingati?" Akanandimaliza pakanapanda Filipo. Iye anandiimirira pamwamba atanyamula chitsulo, anati wofuna Gideoni ayambe wadutsa pa ine. Kenako anandinong'oneza kuti, "Mbale wanga, konza zimenezi msanga, kachiwiri sindidzatha kuwaletsa."

Mudziwe zimene amachita ndi akapirikoni. Lolemba anagwira mnyamata wina wa ku Mchezi amene ankapaka girisi m'malo mwa anzathu. Anamugoneka dzanja panjanji nkulisinja ndi hamala yokhomera misomali ya njanji. Zala zinatuluka ngati phala. Ndinalipo. Sindinaletse, ndinati waphunzira.

Mwamva? Amenewo ndiwo anthu amene akudziwa nkhope ya mwana wanu.

Muuzeni kuti ndalamula ine amalume ake. Akakana, mumange ndi chingwe cha mbuzi. Mundiyankhe ndi galimoto yomweyi.

Gideoni


Pa Mpata, Chezi
20 Febuluwale

Okondedwa Amalume,

Ndine Malizani. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi azakhali a Faines ndi ana? Ife tili bwino. Amayi akudandaula kuti simunayankhe kalata yawo. A Sidik sitikuwaona, akuti anachoka ku Lilongwe nkulunjika ku Madisi kumaliro a mlamu wawo. Ndiye iyi ndapatsira kondakitala wa minibasi.

Amalume, ndikuthokoza. Sindinkadziwa kuti dzina lanu ndi lolemera chonchi. Bwana akabwera amandiitana kuti "Gideoni wamng'ono", ndipo amandijambula nthawi zonse. Anzanga akuchita nsanje, akuti ndayamba kuyenda ngati ndine mwini wake wa sitima. Ovololo yanu ndi yaikulu, Abigail anaipinda m'miyendo, koma dzina lanu sanalikhudze, ndinamuletsa.

Ntchito ndi yowawa koma ikuyenda. Dothi tachotsa pafupifupi lonse, kwatsala miyala ikuluikulu imene tikuiswa ndi hamala. Bwana akuti Loweruka sitima yoyamba idutsa. Ndikufuna ndidzaime kutsogolo dalaivala adzandione. Mwina ndi mnzanu.

Chimodzi chokha chandidabwitsa. Dzana anatibweretsera zikwanje zatsopano ndi zibonga, aliyense chake. Akuti pali akuba ochokera m'tauni amene akufuna kudzamasula mabawuti kuti sitima igwe, ndiye tikawaona tisafunse, tingotema. Anyamata a kuno mukuwadziwa, ena akunola kale zikwanjezo pamwala, akuti akubawo abwere aone. Wina anandifunsa ngati akubawo si anzanu a sitalaka aja. Ndinamuyankha kuti atseke pakamwa, amalume anga sangandiike pantchito yoti anzawo adzandimenyerepo.

Mwana akadzabadwa wamwamuna mudzamutcha dzina ndinu, zimenezo tagwirizana kale. Ngati muli ndi jombo zakale munditumizire, miyala ya panjanji yandimaliza mapazi.

Ndine mwana wanu,
Malizani


Kanengo
23 Febuluwale

Achemwali,

Ndaona kalata ya Malizani, ndazindikira kuti yanga simunailandire. Ndamenya khoma mpaka chibakera chatupa.

Ndinafuna kubwera ndekha koma anzanga a sitalaka andiikira anthu pakhomo, sindingapite ngakhale kuchimbudzi osandiona. Foni palibe amene angandibwereke, ndipo nambala yanu inapita ndi foni ija. Iyi akuitulutsa ndi Faines m'kati mwa nsalu, akapatsira wa kabaza wanjinga yamoto.

Amva kuti sitima idutsa Loweruka. Apeza lole, akubwera pa Mpata ndi zitsulo. Andiuza kuti ndikwere nawo, ndikhale woyamba kutsika, kuti aone ngati ndili wawo. Ndikakana ayatsa nyumba, ndipo sanalonjeze kuti ayamba atulutsa ana. Ndikwera.

Malizani asapezeke panjanji Loweruka. Munamizeni kuti Abigail wadwala, mubisireni ovololo, chitani chilichonse. Muuzeni kuti akuba akuwanolera zikwanjewo, mmodzi ndine.

Gideoni


Chezi
27 Febuluwale

Gideoni,

Sindikudziwa kumene uli. Iyi ndikutumiza kwa Faines, iye adziwa.

Makalata ako onse awiri ndawalandira Loweruka madzulo, zonse zitachitika. Ina inali m'galimoto ya a Sidik masiku onsewa, anabwera nayo akulira, munthu wamkulu. Wa kabaza uja anakasiya inayo kwa Lidia wina wa kumsika. Ndinawawerenga nditakhala pakhonde la chipatala, magazi a mwana wanga ali pachitenje.

Ndinaona ndi maso anga. Ndinali m'munda wathu wa pamtunda uja, ndinapita dala kuti ndione sitima ikudutsa pamene mwana wanga wakonza. Dzuwa lili pamutu ndinamva lole. Anatsika anthu atamanga nsalu kumaso, kuyamba kugenda miyala ya panjanji ngati matalala. Anyamata athu sanathawe, anathamangira komweko ndi zikwanje. Bwana wamimba uja ndi amene anathawa, galimoto yake inali yoyamba kuchoka.

Ndaonapo anthu akumenyana pamowa, koma izi ayi. Mwana wa a Msakambewa uja amaimba kwaya anatema munthu paphewa, mkono nkulendewera. Mnyamata wina anabayidwa pamimba ndi chitsulo chosongoka, anakhala pansi atagwira matumbo ake, akuitana amake. Ndinkatsika phiri ndikukuwa.

Malizani anali poonekera ndi ovololo ija. Ndinamva wina akuti, "Ndi uyo! Wa chithunzi uja!" Analibe ngakhale chikwanje m'manja, anali ndi kambendera kofiira koimitsira sitima. Anamuzungulira. Mmodzi wamtali anamumenya ndi chitsulo kumutu, anagwa chafufumimba pakati pa njanji. Wamtaliyo anakwezanso chitsulo.

Pamenepo wina wa nsalu kumaso anadumphira pakati. Anakankha anzake, anatola hamala yoswera miyala. Wamtali uja anatembenuka, anatsitsa nsalu yake ngati akufuna kulankhula naye. Hamala inamupeza pachipumi. Phokoso lake ndikulimvabe, ngati dzungu lagwa padenga.

Ndakulera ine, Gideoni. Ngakhale umange thumba kumutu, mayendedwe ako ndimawadziwa. Unagona pamwamba pa mwana wanga, iwo akukumenya msana, mpaka anthu a m'midzi anafika ndi mipini. Anzako anathawira kuthengo, lole anaiotcha. Nditafika iwe unali utapita.

Wamtali uja wafera pomwepo. Akuti dzina lake ndi Filipo. Kodi si yemwe uja unati anakupulumutsa?

Malizani ali kuchipatala cha ku boma. Sanatsegule maso. Mutu watupa, ukamuona sungamudziwe. Abigail sakudya, wangokhala pansi pa bedi. Apolisi abwera kawiri kudzafunsa za iwe. Ndawauza kuti ndinali kutali, maso anga ndi okalamba. Mulungu andikhululukire.

Ndilibe mawu okuthokoza ndipo ndilibe mawu okutukwana. Ndinamutumiza ndine, unamuitana ndiwe. Ungondiuza ngati uli moyo.

Lidia


Ntchisi
3 Malichi

Achemwali,

Ndili moyo. Ndili kumapiri kuno kwa abale a Faines, m'chigafa cha fodya. Nthiti zathyoka, ndikatsokomola pamatuluka magazi. Mlamu wanga Hope ali ndi njinga yamoto, ndi amene wabweretsa iyi. Mumupatse yankho m'manja, lisadutsenso kwa wina.

Inde, ndi Filipo yemweyo. Sindizungulira. Tinalowa ntchito limodzi, mwana wake woyamba ndinamutcha dzina ndine. M'lole muja anakhala pafupi nane, anati, "Usaope, mwana wako ndimufikira ndine ena asanafike. Ndingomugwetsa, agone pansi, aoneke ngati walangidwa, anthu akhutire." Ndinavomera. Koma nditaona chitsulo chikutsika, nditaona mwana akugwa, zonse tinapanganazo zinandichoka. Pokweza kachiwiri paja, kaya amafuna kumenya, kaya amaopseza ena kuti asayandikire, sindikudziwa. Anatsitsa nsalu, anati, "Gide." Dzanja langa linali litapita kale.

Musandiuze kuti ndipemphere. Ndayesa, pakamwa pakungobwera dzina lake.

Hope wabwera ndi nkhani ya pa wailesi. Akuluakulu a bungwe lathu asainirana ndi kampani ku hotela, ajambulitsa akugwirana chanza. Sitalaka yatha. Za mabuleki akuti aunika. Za Nasser palibe watchula. Bungwe lanena kuti za pa Mpata anachita ndi zigawenga zimene silikuzidziwa, ndipo dzina limene apereka ndi langa lokha. Kampani ikundifuna, anzanga akundifuna, abale a Filipo akuti sadikira khoti. Faines wathawa ndi ana, nyumba anaiyatsa Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi.

Hope akuti angathe kundiwolotsa malire, ali ndi anzake cha ku Mchinji. Ndamuuza kuti adikire. Sindisuntha ndisanamve chinthu chimodzi. Kodi Malizani watsegula maso? Musandinamize pofuna kundisunga. Akadzuka mumuuze kuti amalume ake ndi chitsiru, koma jombo adzamugulira zatsopano.

Gideoni


Chezi
7 Malichi

Gideoni mlongo wanga,

Hope ndinamuuza kuti abwerenso lero chifukwa tsiku lija ndinalibe choti ndikuuze. Lero chilipo.

Malizani watisiya m'mawa uno. Sanadzuke. Thupi tabwera nalo, lili m'nyumba mwanga. Pamene timatsika nalo m'galimoto sitima inali kudutsa kumusi, inaliza hutala, amayi onse anasiya nyimbo.

Tsopano tamvera. Bambo ake anamwalira kale, ndipo ngakhale akanakhalapo, mwanayu si wa kuchimuna. Mwini mbumba ndiwe, palibenso wina, tinabadwa awiri. Akulu a mpingo afunsa kuti wopereka zovuta kwa amfumu ndani, woloza pogona mwanayu ndani. Adzukulu akhala pansi pa mtengo ndi makasu awo, akuti sakumba popanda mawu a amalume ake. Ena akuti tipeze wachibale wakutali aimirire. Abigail wakana. Akuti mwamuna wake wafa atavala dzina lako, ndiye ubwere udzamuvule wekha.

Sindikubisira. Apolisi awiri akhala pa siwa kuyambira masana. Kumsika kwafika anthu achilendo, a Sidik akuti ndi abale a Filipo, ndipo m'matumba mwawo mulibe chipepeso. Ukabwera sudzabwerera ku Ntchisi. Ukapita ku Mchinji sindidzakutemberera, ndidzauza anthu kuti kalata sinakupeze, adzakhulupirira, makalata athu amachedwa.

Ndataya mwana. Sindikufuna kutaya mlongo. Koma mwana wanga wagona pamphasa, ndipo nyengo ino thupi silidikira.

Lidia


Ntchisi
8 Malichi, m'mawa

Achemwali,

Hope akutsogola ndi kalatayi, ine ndikutsatira pa njinga ina chifukwa nthitizi sizilola liwiro.

Wachibale wakutali ayi. Sanamulonjeze kanthu mwanayo, ndinamulonjeza ndine.

Auzeni adzukulu ayambe kukumba kumanzere kwa amayi athu, pali malo pamenepo. Mawuwo ndi anga, Hope achitira umboni. Kwa amfumu ndikalankhula ndekha ndikafika. Abigail mumuuze kuti ndamva.

Apolisiwo muwapatse mipando ndi chakudya, ndi alendo. Muwapemphe chinthu chimodzi, andilole ndithire dothi, kenako manja anga ndi awa. Abale a Filipo musawathamangitse. Nawonso aika munthu m'manda, ndipo ali ndi mafunso amene woyankha wake ndine. A Sidik akawauze kuti ndidutsa pamsika pomwepo dzuwa lili pamutu, wopanda nsalu kumaso. Akafuna kuyamba iwo, ayambe. Mukaona kuti ndachedwa, musadikire mpaka thupi liwonongeke. Muikeni mwanayo, malo ndaloza kale.

Ndanyamuka.

Gideoni